Nyenyezi Yofiira Yolondola Nsangwe

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Amayi ako andiuza pafoni kuti usiku uja magetsi atazima unakana kulowa m'nyumba, uli pakhonde kuloza kumwamba, amvekere nyenyezi ina yapsa, tiitane anthu akazimitse. Ndinaseka mpaka misozi. Koma maso ako ndi akuthwa, mwanawe, pakuti anthu ambiri amakalamba osazindikira kuti nyenyezi zili ndi mitundu.

Monga andilongosolera, imene unaonayo ili pafupi ndi kagulu ka tinyenyezi tothinana ngati mapira otayikira pamphasa. Kaguluko ife timati Nsangwe. Yofiirayo dzina lake ndi Aldebaran. Lovuta kutchula eti? Ndi la Chiarabu, ndipo tanthauzo lake ndi "wolondola". Aarabu akale anaona kuti Nsangwe zikatuluka kum'mawa, iyo imatulukira pambuyo, n'kumazitsata usiku wonse osazipeza, monga muja umachitira iwe kulondola amayi ako kuchigayo. Ena ankaiona ngati diso la ng'ombe yamphongo yolusa. M'chaka cha 1603 munthu wina wa ku Germany, Johann Bayer, pojambula mapu a kumwamba anaipatsa chilembo choyamba cha Chigiriki, ndiye akatswiri amaitchulanso Alpha Tauri. Ine ndimakonda la Aarabu lija.

Tsono za kufiirako. Mawa amayi ako akasonkha moto pambaula, ukhale chapatali pang'ono uyang'ane makala. Akamakupiza, makala amayaka mowala chachikasu. Nsima ikapsa, moto n'kuyamba kuzirala, amasanduka ofiira psuu. Nyenyezi nazonso n'chimodzimodzi. Pamwamba pa dzuwa lathu pamatentha madigiri pafupifupi 5,500, pomwe pa Aldebaran ndi 3,600 basi. Ndati basi, koma usayerekeze kuikhudza!

Yafiira chifukwa ndi nkhalamba ngati ine. Nkhuni za nyenyezi ndi mpweya wotchedwa haidrojeni. Ya Aldebaran, imene inali pakatikati pake, inatha kalekale. Ife anthu tikamakalamba timafota, koma nyenyezi zotere zimafufuma ngati mandasi m'mafuta, ndipo kunja kwake kumazirala. Panopa m'mimba mwake ndi motambalala kuposa dzuwa maulendo 44. Dzuwa likanakhala ngati ndimu, iyo ikanakhala ngati nkhokwe yathu ya chimanga kuseri kwa nyumba kuja. N'chifukwa chake akatswiri amaitcha chimphona chofiira. Dzuwa lathu nalonso lidzatero, koma patapita zaka 5 biliyoni, ndiye iwe uzigona tulo tako.

Udzafunsa kuti nanga chimphona chimaoneka bwanji ngati kachiphaniphani. Kuli kutali, mwanawe. Kuwala kumathamanga kuposa chilichonse, kuchoka kudzuwa kufika kuno ndi mphindi 8 zokha, koma kuchoka ku Aldebaran kumatenga zaka 65. Kuwala kumene kunalowa m'maso mwako usiku uja kunanyamuka ine ndili msinkhu wako, ndikuweta mbuzi ndi kabudula wong'ambika kumbuyo, amayi ako kulibe, agogo ako aakazi sindinawaonepo. Kwayenda ulendo wonsewo ine ndikukula, ndikukwatira, ndikumera imvi, n'kudzakupeza iwe pakhonde. Kuli chombo china chopanda munthu, Pioneer 10, chimene anthu a ku America anachiponya m'mlengalenga mu 1972. Chikulowera chakomweko, ndipo kuti chikafike kufupi papita zaka pafupifupi 2 miliyoni.

Ukafuna kuipezanso, dikira usiku wopanda mitambo, ngakhale nyengo ino ya mvula ndi wosowa. Ukadya mgonero, yang'ana kum'mawa. Upeze nyenyezi zitatu zondondozana pamzere, zimene timati Akamwiniatsatana. Tsatira mzerewo ndi chala chakumanzere kwako, ukumana ndi yofiirayo, ndipo ukapitirira ufika pa Nsangwe. Chenjera, pafupi ndi zitatuzo pali inanso yofiira, Betelgeuse, yaikulu kuposa Aldebaran. Za iyo tidzakamba ukabwera pa Khirisimasi.

Undiwerengere Nsangwe kuti ukuona zingati. Ine masiku ano ndimangoona kautsi, koma ndili mnyamata ndinkawerenga 6. Agogo ako aakazi akuti akusungira mango apamtengo wakhomo uja, ndiye usachedwe, anyamata akumudzi kuno ayamba kale kugenda. Upereke moni kwa amayi ako ndi bambo ako.

Ndine agogo ako aamuna