Lipoti la msonkhano wa kaphunzitsidwe ka madokotala a matenda opatsirana

A Wapampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse,

Munandituma ku msonkhano wokambirana za maphunziro ndi ziyeneretso za madokotala a matenda opatsirana, ndipo ndabwerako bwino. Malisiti a ulendo ndi a malo ogona ali kale m'manja mwa a Msungichuma. Anzathu aja amafunsa pa gulu lathu la WhatsApp ngati ndinalowadi m'holo kapena ndinangopita kukasainira alawansi, chonde awerenge mpaka kumapeto.

Mwambo wotsegulira unali wa malonje ndi kuthokozana basi, palibe chomwe munaphonya. Nkhani inayamba kukoma pomwe nthumwi zinayala njira zomwe mayiko amatsata kuti munthu atchedwe katswiri wa nthambiyi. Ku America munthu amayamba ndi digiri ya zaka 4, kenako zaka 4 ku sukulu ya udokotala, zaka 3 za residency (kuphunzira ukatswiri uku ukugwira ntchito pa chipatala) ya matenda a m'thupi a anthu akuluakulu, ndiye pamwamba pake zaka 2 za fellowship (maphunziro apadera oonjezera) ya matenda opatsirana. Zonse pamodzi ndi zaka 13, kenako mayeso a American Board of Internal Medicine, omwe anayamba kupereka satifiketi ya nthambiyi mu 1972. Wofuna kuona ana amachita zaka 3 za matenda a ana ndi zina 3 za fellowship. Ku South Africa uyambe wakhala kaye physician, katswiri wa matenda a m'thupi, kenako uwonjezere zaka 2 ndi kulemba mayeso a Colleges of Medicine of South Africa.

Njira yomwe inandigwira mtima ndi ya ku Britain. Kuyambira mu 2015, dokotala akakhoza mayeso a MRCP, omwe ndi a madokotala a matenda a m'thupi, amalowa zaka 2 zomwe amazitcha Combined Infection Training, ndipo m'zaka zimenezi amaphunzira limodzi ndi anzake omwe adzakhale akatswiri oyeza mabakiteriya ndi mavairasi. Gawo lina la nthawiyo amakhala mu labotale, kuona ndi maso ake momwe magazi a wodwala amasanduka dzina la kachirombo pa pepala. Amasiyana njira pambuyo pake, koma amakhala atadziwana kale, ndipo wa pa wodi akaimba foni ku labotale amadziwa choti afunse.

Ubwino wa zimenezi ndinauona pa gawo lina lomwe anatsogolera mayi wina wachikulire, pulofesa wophunzitsa madokotala. Sanabwere ndi zithunzi zambiri. Anangotiikira wodwala mmodzi: bambo wa zaka za m'ma 50, wagonekedwa chifukwa cha shuga, kanyula (kachubu kolowetsera mankhwala m'mitsempha) ali nayo pa mkono kwa masiku angapo, ndipo thupi layamba kutentha. Anamupatsa antibayotiki wa ceftriaxone, kutentha kunatsika pang'ono, pomwe zotsatira za blood culture (kuika magazi m'botolo kuti aone ngati mumera tizirombo) zinatuluka kuti muli bakiteriya wa Staphylococcus aureus. Mayiwo anafunsa kuti, "Mutani naye?" Manja ambiri anakwera kuti apitirize mankhwala omwewo masiku 5, munthu azipita kwawo poti akupeza bwino. Ena anati mwina kachiromboko kanangochokera pa khungu potenga magazi.

Mayiwo anatidutsitsa pang'onopang'ono. Staphylococcus aureus ikapezeka m'magazi siitengedwa ngati litsiro la pa khungu, ngakhale itamera m'botolo limodzi lokha. Kanyula ichotsedwe tsiku lomwelo. Magazi atengedwenso pakatha masiku 2 kapena 3 kuti muone ngati kachiromboko katha. Mtima uunikidwe, chifukwa kachirombo kameneka kamakonda kukakhazikika pa mavalavu, ndipo wodwala afunsidwe za msana ndi mfundo za mafupa komwe kamathawiranso. Ngati labotale yanena kuti kakumva cloxacillin, mupatseni ameneyo kapena cefazolin, osathamangira vancomycin poganiza kuti ndi wamphamvu. Mankhwala a m'mitsempha asachepere masiku 14, ndipo ngati kafalikira kwina, masabata 4 mpaka 6. Pa zonsezi palibe chipangizo chodabwitsa chomwe katswiriyu wagwira. Ntchito yake ndi kufunsa, kuwerenga faelo yonse kuyambira tsamba loyamba, kulankhula ndi a labotale, ndi kulimba mtima kouza dokotala mnzake kuti wodwala asatuluke lero. M'holo munali zii, chifukwa aliyense amakumbukira wodwala wake yemwe anabwerera ku chipatala patatha mwezi msana utagwira.

Ndiye pamenepa ndi pomwe ndikufuna tikambirane ngati bungwe. Takhala tikunena kuti tikufuna mmodzi wa ife akaphunzire ukatswiri umenewu. Ine ndikugwirizana nazo. Koma akadzabwera, mabotolo a blood culture adzawapeza? Nkhani ya mabotolo ndinaibweretsa pa msonkhano wathu wa chaka chatha, m'maminitsi munalembedwa kuti komiti iona, ndipo mpaka lero ikuonabe. Wodwala ngati wa mayi uja pa wodi yathu sitikanadziwa n'komwe dzina la kachirombo kake. Tikanasintha mankhwala kawiri kapena katatu mongoyerekeza. Katswiri wopanda labotale yoyenda bwino ali ngati mmisiri wa matabwa yemwe mwamulanda sowo ndi tepi, ndipo munthu woteroyo sachedwa kufunsira ntchito kwina.

Gawo la maantibayotiki linatsindika zomwezo. Anatikumbutsa kafukufuku yemwe anatuluka mu The Lancet mu 2022, wosonyeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. Bungwe la WHO linagawa maantibayotiki m'magulu atatu mu 2017: Access, oyambira nawo monga amoxicillin, Watch, ofunika kusamala nawo, ndi Reserve, osungira pomwe ena onse alephera. Ceftriaxone, yemwe timamulemba ngati moni wa m'mawa, ali m'gulu la Watch. Masiku ano kuyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka mankhwalawa ndi mbali ya maphunziro a katswiri aliyense wa matenda opatsirana, pamodzi ndi HIV, chifuwa chachikulu, matenda a odwala omwe chitetezo chawo chatsika, ndi kupewa matenda ogwidwa m'chipatala momwemo. Ndipo maphunzirowa satha ndi satifiketi. Mu 2022 mokha WHO inasintha malangizo awiri akuluakulu: TB yosamva mankhwala tsopano ingachizidwe m'miyezi 6 ndi mankhwala akumwa a BPaLM, ndipo pa cryptococcal meningitis, matenda oumitsa khosi oyambitsidwa ndi fangasi, wodwala angayambe ndi mlingo umodzi waukulu wa liposomal amphotericin B. Yemwe anasiya kuwerenga mu 2020 akuchiza ndi nzeru zakale.

Panalinso magawo a kalembedwe ka silabasi ndi kasungidwe ka mabuku a ophunzira pa kompyuta. Ndinakhalapo, mapepala ake ndabwera nawo.

Chomwe sindimayembekeza ndi kumva nthumwi za ku America zikudandaula kuti nawonso akatswiriwa akuwasowa. Kafukufuku wa mu 2020 anapeza kuti pafupifupi 80 peresenti ya maboma (counties) a dzikolo alibe dokotala wa matenda opatsirana ngakhale mmodzi, ndipo malo ena a fellowship amakhala opanda wofunsira. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kumeneko ndalama zimatsata maopareshoni ndi ntchito za zipangizo, pomwe katswiriyu amalipidwa zochepa poyerekeza ndi wa mtima, chonsecho naye wawonjezera zaka za sukulu. Tanthauzo lake kwa ife n'lakuti yemwe tidzamutumize adzakopedwa ndi mayiko olemera omwe akumufunanso. Kumusainitsa bondi kokha sikungamugwire. Tonse tikudziwa mnzathu yemwe anabwera ndi maphunziro apamwamba n'kupatsidwa ofesi yolemba ndandanda ya madyute ndi kukhala pa misonkhano, odwala osawaonanso. Sindikutchula dzina, koma zinatipweteka tonse, ndipo palibe anayankhapo.

Pomaliza msonkhano unamanga mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yoti chipatala chisavomerezedwe kuphunzitsa akatswiriwa ngati chilibe labotale yoyeza mabakiteriya yogwira ntchito tsiku ndi tsiku. Ena anadandaula kuti izi zitsekera kunja zipatala zosauka, zomwenso ndi zomwe zili ndi odwala ambiri a matendawa. Dandaulo lawo ndi lomveka, komabe ine ndinavotera mfundoyi, chifukwa itipatsa pogwira tikamapempha bajeti ya labotale.

Yachiwiri ndi yoti makosi afupiafupi aziwerengedwa pa ulendo wa ukatswiri. Imeneyi ndinakana, ngakhale inadutsa. Sindikunyoza makosiwa. Dipuloma ya matenda a m'mayiko otentha ya DTM&H, yomwe imaphunzitsidwa kwa miyezi pafupifupi 3 ku Liverpool School of Tropical Medicine, sukulu ya mu 1898, ndi ku London School of Hygiene and Tropical Medicine ya mu 1899, ndi yabwino kwambiri pa malungo, likodzo ndi kuona tizirombo pa maikulosikopu. Koma miyezi 3 m'kalasi si zaka 2 pa wodi pansi pa katswiri yemwe amakufunsa chifukwa cha mankhwala aliwonse omwe walemba. Mantha anga ndi akuti tidzayamba kuunjika masatifiketi a masemina a ku hotela n'kumatchana akatswiri, ndipo omwe amapita ku masemina timawadziwa, ndi nkhope zomwezomwezo.

Izi zikundifikitsa pa kasankhidwe. Mwayi wa sukulu womwe unabwera ulendo watha sunalengezedwe kwa mamembala, tinangomva munthu atanyamuka. A Wapampando, ndikupempha kuti a Mlembi aike pa ajenda ya msonkhano ukubwerawu nkhani ya mabotolo a blood culture ndi ndondomeko yolembedwa yosankhira opita ku sukulu, kuti aliyense aidziwe mwayi usanabwere. Ndikupemphanso kuti msonkhano ngati umenewu ukadzachitikanso tidzatumize anthu awiri, wa pa wodi ndi wa ku labotale. Panali mafunso okhudza kayezedwe ka mankhwala omwe kachirombo kakumva, ndipo woyenera kuwayankha m'malo mwa bungwe lathu anali mnzathu wa ku labotale, yemwe dzina lake silinaganiziridwe n'komwe posankha nthumwi.

Ine nthumwi yanu.