Musanaike ampulifaya m'pikapu, samalani mawaya ndi fyuzi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi eni mapikapu amene akufuna kuwonjezera ampulifaya, chipangizo chokulitsa mphamvu ya mawu, pa wailesi imene inabwera ndi galimoto. Ambiri amangoyang'ana mawati olembedwa pakatoni, n'kulumikiza mawaya mwachisawawa. Mapeto ake masipika amapsa, ndipo ena galimoto imawayakira moto.

Wailesi ya kufakitale nthawi zambiri imatulutsa mawati 15 mpaka 20 pa sipika iliyonse, ndipo ilibe mabowo a RCA, omwe ndi mabowo otumizira mawu ku ampulifaya. Choncho mawu muwatenge pa mawaya a masipika, kudzera m'kachipangizo kotchedwa line output converter, kapena mugule ampulifaya imene imalandira mawaya a sipika mwachindunji. Mukasemphanitsa pozitivi ndi negetivi pa sipika imodzi yokha, mawu a sipikayo ndi a inzake amafafanizana ndipo besi imazimiririka. Mawailesi ena amadzichepetsera besi mukakweza voliyumu pofuna kuteteza masipika awo ofooka, ndiye pamafunika converter yotha kuibwezeretsa. Ampulifaya imafunanso waya wa remote woti uziiyatsa. Ngati wailesi ilibe, tengani magetsi pa fyuzi imene imakhala ndi mphamvu kiyi akatembenuzidwa basi. Mukatenga pamene pali magetsi nthawi zonse, m'mawa mudzapeza batire itatheratu.

Pa waya wa ku batire ndiye pamene pagona ngozi. Yambani mwachotsa negetivi ya batire. Ampulifaya ya class D (mtundu wosawononga magetsi ambiri) yotulutsa mawati 500 RMS (mphamvu imene imatulutsa mosalekeza) imatha kukoka maampu pafupifupi 45, choncho waya usaonde kuposa wa 8 AWG (AWG ndi muyezo wa kunenepa kwa waya, ndipo nambala ikachepa ndiye kuti waya ndi wonenepa), ndipo pa pikapu ya zitseko zinayi, pamene waya amafika mamita 5, wa 4 AWG ndiye wabwino. Ukhale wa kopa weniweni, wolembedwa OFC. Wolembedwa CCA ndi aluminiyamu wongokutidwa kopa: sudutsitsa magetsi mokwanira, umatentha, ndiponso sukhalira kudyeka m'nsonga.

Fyuzi ikhale pasanathe masentimita 45 kuchokera pa batire. Ena amati poti ampulifaya ili kale ndi fyuzi yakeyake, ina ndi yosafunika. Akulakwitsa kwambiri. Fyuzi ya pa batire imateteza waya. Waya ukasupuka n'kukhudza chitsulo cha galimoto, batire imakhuthulira maampu mazanamazana pamenepo, ndipo popanda choduka waya umafiira n'kuyatsa kapeti. N'chifukwa chake polowa m'kabu waya azidutsa pa bowo lokhala ndi labala, osati pa chitsulo chakuthwa, ndipo azitalikira ekizozi ndi mapedulo.

Waya wa earth, wolumikiza negetivi ya ampulifaya ku chitsulo cha galimoto, ukhale wonenepa mofanana ndi wa pozitivi, waufupi, wosapitirira theka la mita. Palani penti mpaka chitsulo chiwale, mangani ndi bauti yakeyake, kenako pakani girisi kuti pasachite dzimbiri. Bauti ya lamba wa mpando isiyeni, ili ndi ntchito yopulumutsa moyo. Musanaboole pansi pa kabu, suzumirani kunsi, chifukwa m'menemo mumadutsa mapaipi a mafuta ndi a mabuleki. Mawaya achikasu a pansi pa mpando ndi a airbag, musawakhudze. Mukamva kulira kosongoka m'masipika kumene kumakwera mukaponda mafuta, woyamba kumukayikira ndi earth wosagwira bwino, wachiwiri ndi mawaya a RCA oyenda limodzi ndi waya wa batire. Adutsitseni mbali zosiyana za kabu.

Malo m'pikapu ndi ochepa, koma ampulifaya imafuna mpweya. Kuseri kapena pansi pa mpando ndi pabwino, bola isaphimbidwe ndi zovala kapena zida. Ikatentha kwambiri imadzizimitsa yokha.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi gain. Gain si voliyumu. Ntchito yake ndi kugwirizanitsa mphamvu ya mawu ochokera ku wailesi ndi zimene ampulifaya ingalandire. Mukaipotoza mpaka kumapeto, mawu amaphwanyika ndipo koyilo ya m'sipika imatentha mpaka kupsa, ngakhale ampulifayayo ikhale yaing'ono. Kuitchera bwino sikovuta. Chotsani masipika pa ampulifaya, zimitsani bass boost, ikani voliyumu ya wailesi pa magawo atatu mwa anayi, ndipo lizani liwu loyesera la 50 Hz ngati ndi sabuwufa (sipika ya besi yakuya), kapena 1 kHz ngati ndi masipika a m'zitseko. Ikani multimeter (choyezera magetsi) pa AC, muyeze potulukira mawu. Mavoti ofunika mumawapeza pochulukitsa mawati a RMS a ampulifaya ndi maohm a sipika n'kutenga square root yake: mawati 300 pa maohm 4 ndi 1,200, kutanthauza mavoti 34.6. Kwezani gain pang'onopang'ono, mukafika pamenepo lekani.

Masipika a m'zitseko apatseni high-pass (sefa yodutsitsa mawu okwera okha) ya 80 Hz kuti asavutike ndi besi yakuya, sabuwufa muipatse low-pass (sefa yodutsitsa mawu akuya okha) ya 80 Hz yomweyo. Onaninso maohm: masabuwufa awiri a maohm 4 olumikizidwa pozitivi ku pozitivi ndi negetivi ku negetivi amatsika kufika pa maohm 2, ndipo ampulifaya zambiri za matchanelo awiri zikalumikizidwa mwa bridge, kutanthauza kuphatikiza matchanelo awiriwo kukhala imodzi, sizipirira zochepera maohm 4.

Wowerenga wanu,
Mmisiri wa zamagetsi a galimoto