Momwe a ku Hungary anapangira mawu atsopano

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, kuno tilipo. Munafunsa za momwe Chihangare chinakonzedwera, ndiye ndati ndikulembereni.

Baibulo la m'Chihangare lomwe anamasulira Gáspár Károli linalipo kuyambira 1590, koma za boma zinkayenda m'Chilatini, ndipo mu 1784 mfumu Joseph II analamula kuti ziziyenda m'Chijeremani. Lamulolo linathetsedwa mu 1790, koma olemba anali ataona kale kuti chinenero chawo chilibe mawu okwanira a sayansi, malamulo ndi zamakina.

Amene anatsogolera ntchito yopanga mawu atsopano ndi wolemba wina, Ferenc Kazinczy. Atatuluka m'ndende mu 1801 anadzakhazikika kumudzi wa Széphalom, n'kumalemberana makalata masauzande ndi olemba anzake, kuvomereza mawu ena ndi kukana ena. Njira zawo zinali zingapo. Ankafukula mawu akale oiwalika, monga év, chaka. Ankadula mawu: kuchokera ku gyárt, kupanga, anapeza gyár, fakitale. Ankawonjezera mchira ku tsinde: ír, kulemba, linabala irodalom, zolembalemba, anya, mayi, linabala anyag, chinthu chopangira zinthu, potengera momwe mawu awiriwa amafananira m'Chilatini. Mawu ena ankawatola kumidzi, ena ankawamasulira chidutswachidutswa kuchokera ku Chijeremani.

Panavuta ndi pa kudula ndi michira yongopeka. Ena ankatulutsa mawu oti ngakhale mwini chinenero sangawamve, ndipo otsutsa anakwiya. Mu 1813 anatulutsa kabuku konyoza kotchedwa Mondolat, kokhala ndi chithunzi cha Kazinczy atakwera bulu. Anzake a Kazinczy, Ferenc Kölcsey ndi Pál Szemere, anayankha mu 1815 monyozanso. Mu 1819 Kazinczy mwiniwake anafewa, n'kulemba kuti wolemba bwino amasunga zakale uku akupanga zatsopano.

Panalinso mkangano wa kalembedwe pakati pa akatswiri awiri a chinenero. Ferenc Verseghy ankafuna kulemba monga momwe mawu amamvekera, láttya; Miklós Révai ankafuna tsinde lizioneka, látja. Anapambana ndi Révai, ndipo malamulo oyamba a kalembedwe a 1832 anatsatira iye. Anawatulutsa ndi bungwe la akatswiri lomwe munthu wina wolemekezeka, István Széchenyi, analilonjeza ndalama zake za chaka chathunthu mu 1825. Mu 1844 Chihangare chinalowa m'malo mwa Chilatini m'boma.

Ine ndimaona kuti amene ankagamula kwenikweni sanali Kazinczy kapena bungwelo, koma ogwiritsa ntchito mawuwo. Taonani mayina a zinthu za sayansi. Anapanga éleny kutanthauza okosijeni, köneny kutanthauza haidirojeni, higany kutanthauza mekyule. Asayansi ankawerenga mabuku a anzawo a kunja, ndiye awiri oyambawo anawataya n'kubwerera ku oxigén ndi hidrogén, pomwe higany alipo mpaka lero. Kuyambira 1872 magazini ya Gábor Szarvas, Magyar Nyelvőr, inayamba kusesa mawu opangidwa molakwika, koma ambiri anali atazika kale mizu m'manyuzipepala ndi m'ndakatulo, moti sanathekenso kuzulidwa.

Mundiperekere moni kwa onse kunyumbako.

Ine mnzanu