Lipoti la msonkhano wa zomwe ana athu akumva pa wailesi ndi m'mafoni

Amayi anzanga, ndabwerako bwino kuboma komwe munandituma. Kunali ife a magulu a amayi a m'masukulu, anamkungwi, mafumu, azaumoyo ndi ana a sekondale angapo. Mutu wake unali wakuti ana athu za msambo, kugonana ndi mimba akumazimva kwa yani.

Anayamba ndi gogo wina, namkungwi. Iwo anati kale mtsikana ankamva zonse kutsimba, atatha msinkhu, ndipo zinkathera komweko. Ife a pakati tinakumbutsana za wailesi nthawi ya Edzi ija. Inu mukukumbuka: MBC ikangotchula kondomu bambo ali pompo, tinkadzuka kukasonkheza moto woti ukuyaka kale. Koma mawuwo ankalowabe m'khutu, ndipo nyumba yonse inkamva chimodzimodzi.

Chomwe chandisowetsa tulo ndi mtsikana wa Fomu 2 amene anaimirira masana. Ananena mosabisa kuti za msambo anazidziwira pa WhatsApp, pa foni ya mkulu wake, mayi ake asanamuuze kanthu. Pomweponso ndi pomwe anawerenga bodza lakuti kugonana koyamba sungatenge mimba, ndipo anzake awiri analikhulupirira. Holo yonse inangoti zii. Foni mwana amaonera yekha, atafunda chitenje usiku, palibe wamkulu womuwongolera.

Azaumoyo anatikumbutsa kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016, yemwe anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali ndi mwana kapena pathupi. Malamulo alipo: kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko akuletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo wochira amaloledwa kubwerera kusukulu. Izi timazidziwa, sindichedwapo.

Abambo ena anati tizingolanda mafoni. Ine ndinakana m'malo mwanu, ndipo ngati ndinalakwa mundidzudzule. Ukalanda, akabwereka kwa mnzake, kapena akalowa m'zinyumba zoonetsera mavidiyo pamsika paja. Vuto ndi lakuti chilangizo chathu chikumafika mochedwa, foni itadutsa kale. Anamkungwi enieniwo anavomera kuti kudikira kuti mwana ayambe wakula ndiye tikambe naye sikukuthandizanso.

Ndabwera ndi manambala awiri aulere oti tiwalembe pakhoma la chipinda chathu: 929, Chipatala cha pa Foni, ndi 116 yonenera nkhanza kwa ana.

Pempho langa ndi lakuti tiyambe kucheza ndi atsikana a Sitandade 5, osadikira Sitandade 8, ndipo anyamata tiwapezere abambo odalirika, chifukwa kumsonkhanoko za iwo zinakambidwa pang'ono zedi. Za mavidiyo tikaonane ndi agulupu. Ndalama yotsala pa thiransipoti ndapereka kwa amsungichuma. Mukaione m'kaundula tikakumana Lachisanu.