Lamulo la pa Mbenji lithandizidwe, lisalandidwe

Akonzi,

Ndine mayi wa geni ya nsomba. Ndimapikula utaka pa doko la Chikombe ku Salima, kuyanika pa thandala, kenako kukagulitsa ku Lilongwe. Ndalemba chifukwa chotopa ndi zomwe ndimamva pa wailesi, zoti asodzi ndi anthu osamva, amene sangasamale nyanja popanda wapolisi kumbuyo kwawo. Olankhula zoterezi akadafika kaye pa chilumba cha Mbenji.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kwa Makanjira ku Salima akhala akutseka chilumbachi nthawi ya dzinja. Disembala akakwana asodzi onse amasamukapo, ndipo amabwererapo mu Epulo, akuluakulu atathira nsembe kwa mizimu ya makolo. Miyezi imeneyi nsomba zimaswana popanda wozisokoneza. Chikatsegulidwa, malamulo ake ndi osakambirana: mowa ayi, chamba ayi, njuga ayi, kupha njoka ayi. Kuwedza ndi nyali usiku, kumene timati kauni, n'koletsedwa, chimodzimodzinso maukonde a maso ang'onoang'ono. Wolakwa amalipira chindapusa kapena kuthamangitsidwa, ndipo womugwira amakhala msodzi mnzake, wodziwa bwato lake ndi dzina la bambo ake. Manyazi amenewo amaposa lisiti la boma.

Ife amayi sitiloledwa kupondapo phazi. Ndisaname, zimandiwawa. Zaka zonsezi ana anga aphunzira ndi ndalama za utaka wa pa Mbenji, koma chilumbacho ndimangochionera patali ngati mtambo. Tsiku lina nkhani imeneyi tidzaikamba pa bwalo la amfumu, ife eni ake. Komabe ndikaona utaka wa mu Epulo, wonona, wodzaza chigoba ndi nsomba zowerengeka, mkwiyo umayamba watha.

Mchemwali wanga adakwatiwa ku Mangochi, m'mbali mwa nyanja ya Malombe. Kumeneko chambo chidatha anthu akuona, maukonde a nkacha atakokolola ndi udzu womwe. Makomiti a m'magombe oyang'anira usodzi adayambika komweko cha m'ma 1993, ndipo lamulo la zansomba la 1997 lidavomereza kuti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali. Pa pepala n'zabwino. Koma komiti yobadwira mu msonkhano wa alawansi imafooka tsiku limene galimoto ya pulojekiti yasiya kubwera. A pa Mbenji sadayambe ndi alawansi.

Dandaulo langa ndi ili. Dzinja lapitali, chilumba chili chotseka, ndidaona ndi maso anga nyali zikuthwanima usiku chakufupi ndi kumeneko. Adali maboti a injini ochokera kwina. Anyamata athu ali kumunda kupalira chimanga, kudikira Epulo ndi njala, ena akukolola zomwe iwo asunga. Mwana wa mlongo wanga adandifunsa kuti, "Azakhali, ndiye ife tikusungira ndani?" Ndidasowa chomuyankha.

Mawu a mfumu amagwira anthu ake. Mwini boti wokhala m'tauni sawaopa. Apa ndi pamene tikufuna boma. A dipatimenti ya zansomba asatibweretsere malamulo atsopano kapena maphunziro ena a ku hotela. Atipatse boti lolondera ndi mafuta ake kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo wogwidwa m'madzi otsekedwa alandidwe ukonde, akaonekere ku khoti ngakhale atakhala bwana wa ndalama zake. Disembala sali patali.

Mayi wa geni ya nsomba,
Salima