Lipoti la msonkhano wa ku Blantyre wokhudza kaphunzitsidwe ka CPR ndi makina odzutsa mtima

A Wapampando, a Gulupu, amayi ndi abambo a komiti yathu yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, zikomo pondituma. Ndapita ndipo ndabwerako bwino, Thabwa ndakwera ndi kutsika popanda chovuta. Malisiti a minibasi ndi chenji ndapereka kale kwa amayi msungichuma.

Msonkhano unali wa masiku awiri. Munali anamwino, madokotala angapo, aphunzitsi a sukulu ndi ena ophunzitsa chithandizo choyamba. Funso linali lakuti: anthu wamba aphunzitsidwe motani kuti munthu akagwa mtima utaima, amene ali pafupi agwade ndi kuyamba kumuthandiza, m'malo moyamba kulira maliro?

Ndiyambe ndi manyazi anga. Mukudziwa kuti ndinaphunzira CPR, njira yokanikiza chifuwa ndi kuuzira mpweya munthu amene mtima wake waima, madzi osefukira a 2015 atangophwa, ndipo satifiketi ili pakhoma kunyumba. Tsiku loyamba anatigonekera chidole pansi kuti aliyense aonetse zimene amadziwa. Ine manja ndinaika pamimba. Atandikonza, ndinkakanikiza ngati ndikusisita mwana, chidole osalira n'komwe kusonyeza kuti ndafika pofunika. Sindinali ndekha, ambiri a masatifiketi tinachita chimodzimodzi. Apa ndi pomwe panagona nkhani ya msonkhano wonse. Maphunziro a sabata yathunthu kamodzi pa zaka khumi amatha m'mutu, koma theka la ola miyezi ingapo iliyonse, manja ali pachidole, limakhalitsa.

Zoyenera kuchita n'zochepa. Munthu ngati sakuyankha ndipo sakupuma bwino, tumani wina akafune thandizo, inu ikani chikhatho pakati pa chifuwa, china pamwamba, ndi kukanikiza mwamphamvu mpaka chifuwa chilowe masentimita 5 kapena 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Mukakanikiza ka 30, muuzireni mpweya kawiri. Amene akuopa kuika pakamwa pake pa mlendo, chifukwa cha TB kapena china, angokanikiza osaleka, zimathandizabe kwa munthu wamkulu amene wangogwa mwadzidzidzi. Anatichenjezanso kuti mtima ukangoima munthu amatha kukoka mpweya mwa apo ndi apo ngati nsomba yovuulidwa. Kumeneko si kupuma, yambani. Nthiti ikhoza kuthyoka, koma nthiti imapola, pamene ubongo ukakhala mphindi zinayi kapena zisanu wopanda mpweya umayamba kuonongeka.

Anatiuza za dziko la Denmark, kumene CPR inalowa m'sukulu mu 2005, ndipo kuyambira 2006 wofuna laisensi yoyendetsa galimoto amayenera kuiphunzira. Mu 2001, mwa anthu 100 ogwa mtima utaima kunja kwa chipatala, 21 okha ndiwo ankathandizidwa ndi amene anali pafupi. Pofika 2010 anali 45. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO nalo mu 2015 linavomereza kuti ana oyambira zaka 12 aziphunzitsidwa maola awiri chaka chilichonse. Ine ndinaganiza za ana athu a Sitandade 7 ndi 8, omwe ndi amene amakhala kumtsinje anzawo akamamira.

Pa nkhani ya kumirayi ndinaimika dzanja. Maphunziro ambiri anakonzedwera munthu wogwa mumsewu wa m'tauni. Kuno kuchigwa timavuula anthu mu Shire, m'Mwanza, m'ngalande za mzimbe, ndipo za anamondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 palibe amene waiwala. Womira wasowa mpweya, choncho kwa iyeyu kukanikiza kokha sikukwanira. Amayamba wauziridwa mpweya kasanu, kenako 30 ndi kawiri monga kale. Zija timachita zomuzondotsa ndi kumufinya mimba kuti madzi atuluke zimangodya nthawi, ndipo angasanze, masanziwo n'kulowa m'mapapo. Zimenezi zinandilasa, chifukwa ndinazichitapo ndi manja angawa.

Tsiku lachiwiri linali la makina otchedwa AED. Ndi kabokosi kakang'ono. Mumamata timapepala tiwiri pachifuwa chouma, kabokosiko kamayeza mtima, ndipo ngati ukungonjenjemera m'malo mogunda, kamakuuzani kuti aliyense achotse manja, mudine batani la shoko. Ngati shoko sikufunika, sikalola. Mwana wa sukulu akhoza kukagwiritsa ntchito. Koma amene tinaona amalankhula Chingerezi, mtengo wake ndi mamiliyoni a makwacha, batire ndi timapepala timatha ntchito pakapita zaka zingapo, ndipo sagwirizana ndi kutentha konga kwathu kwa Okutobala. Komanso amathandiza akafika m'mphindi zochepa. Makina otsekeredwa mu ofesi ku Nchalo kapena ku Ngabu sangapulumutse msodzi wa ku Elephant Marsh. Kwa womira, kawirikawiri amanena kuti shoko sikufunika.

Ena mwa inu munandiuza kuti ndikapemphe makinawa. Sindinapemphe, mundikhululukire. Malo ake ndi pomwe pamasonkhana anthu ambiri, pamsika waukulu kapena pabwalo la mpira, pali munthu wodziwika wowasamalira. Ife tikusowa chidole. Mphunzitsi wina anationetsa chopanga yekha: botolo la pulasitiki la malita awiri lotsekedwa bwino, lolowetsedwa m'malaya opakira nsanza. Silifanana ndi chogula, koma manja amazolowera.

Panavuta pa nkhani ya amayi. Abambo ambiri tinavomera kuti tingachite mantha kugwira chifuwa cha mkazi wa mwini, makamaka apongozi, ndipo makina aja amafuna kuti bulauzi ichoke. Namwino wina anatifunsa ngati tingakonde kuti mkazi wathu afe chifukwa anthu anamuchitira ulemu. Holo yonse inangoti zii. Tinagwirizana kuti amayi aphunzire ambiri, wina azitchinga ndi chitenje, ndipo mafumu alankhule poyera kuti wothandiza asaimbidwe mlandu wodwalayo akamwalira, pakuti ambiri amamwalirabe ngakhale zonse zitachitika bwino. A Gulupu, pamenepa tidalira pakamwa panu.

Pempho langa ndi ili. Tiyambe ndi akabaza, opalasa mabwato ndi amayi a pamjigo, m'Chimang'anja ndi m'Chisena, popanda alawansi ndi fanta. A zaumoyo athu ndi a hedi tiwaitane pa msonkhano ukubwerawu. Amayi a kwaya ndi a utse atipezere nyimbo yakwathu yogunda pafupifupi kawiri pa sekondi, yoti tiziwerengera pokanikiza. Pa 16 Okutobala maiko ambiri amaphunzitsa CPR pa tsiku la World Restart a Heart, ndipo ife litipeza mvula isanayambe. Aliyense abwere ndi botolo ndi malaya akale Loweruka, ine ndidzayamba kugwada.