Timu ya alimi yomwe idagonja masewero onse mu 1892

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za mpira wa ku America, uja wozungulira ngati dzira, womwe osewera amathamanga ataukumbatira. Ambiri tikamva za yunivesite ya Maryland timakumbuka kuti mu 1953 timu yake idali akatswiri a dziko lonse la America, koma chiyambi chake chidali chochititsa manyazi.

Mu 1892 sukuluyi inkatchedwa Maryland Agricultural College, kasukulu kophunzitsa zaulimi ku College Park. Osewera a timu yake analibe mphunzitsi wa mpira wolembedwa ntchito. William Skinner, wophunzira mnzawo, ndiye ankawatsogolera uku akusewera nawo. Adasewera katatu, katatu konseko adabwerako manja ali m'khosi, opanda ngakhale pointi imodzi. St. John's College idawakwapula 50-0, yunivesite ya Johns Hopkins 62-0. Nthawi imeneyo kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo kunkapatsa mapointi 4 okha, ndipo kuponyera mnzako mpira kutsogolo kudali koletsedwa mpaka 1906. Ndiye tangoganizani kuti anyamata a Hopkins adawadutsa kangati ndi miyendo basi!

Chomwe chimandiseketsa ndi masewero achitatu. Adagonja 16-0 kwa Episcopal High School, ana a sekondale. Ine ndikadakhala mmodzi wa iwo, ndikadabwerera kumunda osatembenukanso.

Iwowo sadatero. Mu 1893 adasewera kasanu ndi kamodzi ndipo adapambana konse, ngakhale tivomereze kuti ena mwa omwe adawagonjetsa adalinso a sekondale.

Chonde, tsamba lanu la masewera lizitipatsako mbiri zakale ngati zimenezi, osati zigoli za dzulo zokha.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda masewera